Phunziro la Zaumoyo: Chipatala Chitichize, Chisatiwonjezere Matenda

M'kope lino tikambirana nkhani imene ambiri timaidandaula pachitsime, pachigayo ndi pamaliro, koma tikafika pamaso pa namwino timangoti chete. Nkhani yake ndi ya malamulo amene chipatala chiyenera kutsata kuti wodwala asavulale kapena kutenga matenda ena pamene akulandira chithandizo.

Ine amene ndikulemba sindine dokotala ayi. Ndine mwana wanu, wothandiza nawo pa wailesi mongodzipereka. Zimene muwerenge pano ndi malangizo amene achipatala eni ake amaphunzitsidwa, komanso zimene ndaona ndi maso anga poperekeza odwala. Werengani modekha. Ngati pakhomo panu pali wina wosatha kuwerenga, muwerengereni mokweza.

Cholinga cha phunziro lino

Mukatha kuwerenga muyenera kudziwa zinthu zitatu: zimene muyenera kuona mukalowa m'chipatala, zimene muyenera kufunsa, ndiponso kumene mungakanene ngati zinthu sizinayende bwino.

1. Kodi munthu angavulale m'chipatala?

Inde, zimachitika, ndipo si kwathu kuno kokha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse, limene pa Chipwitikizi timalitchula kuti OMS, limanena kuti pa odwala 10 aliwonse, mmodzi amapeza vuto lochokera m'chithandizo chimene akulandira. Limanenanso kuti kuposa theka la mavuto amenewa akadatha kupewedwa. Pa nkhani ya matenda otengera m'chipatala, bungweli linanena mu 2022 kuti pa odwala 100 ogonekedwa, 7 m'mayiko olemera ndi 15 m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene amatenga matenda amene sanabwere nawo.

Mavutowa amabwera m'njira zosiyanasiyana. Wina amapatsidwa mankhwala a mnzake. Wina bala la opaleshoni limachita mafinya. Wina amagwa pabedi usiku. Mayi wina amataya magazi atabereka popanda womuona msanga. Nthawi zambiri sikuti wachipatala amafuna kupweteka munthu. Kawirikawiri chimachititsa ndi kutopa, kuchuluka kwa odwala, kusowa kwa madzi kapena zipangizo, kapenanso kusamvana chilankhulo. N'chifukwa chake pali malamulo olembedwa, kuti ngakhale munthu wotopa asadumphe sitepe yofunika.

Tisamvane molakwa. Phunziro lino silikuti muziopa chipatala n'kumakhala kunyumba. Wobereka kunyumba, wobayitsa jakisoni kwa munthu wa pamsika, kapena wogula mapiritsi otandikidwa padzuwa ali pangozi yaikulu kuposa amene wapita kuchipatala. Tikufuna kuti muzipita, koma muzipita muli maso.

2. Malamulowa anachokera kuti?

Mu 2004 OMS inayambitsa ntchito yapadera yolimbikitsa chitetezo cha odwala m'mayiko onse. Mu 2019 mayiko anagwirizana kuti pa 17 Setembro chaka chilichonse likhale tsiku lokumbukira chitetezo cha wodwala. Kuno kwathu ku Mozambique, ntchito yoika malamulo ndi kuyendera zipatala ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, MISAU. Mu 2007 boma linavomereza chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala, chotchedwa Carta dos Direitos e Deveres do Doente. M'zipatala zambiri chimamatidwa pakhoma, koma poti chili m'Chipwitikizi ambiri timangochidutsa ngati kalendala.

Mwachidule, chikalatachi chimati muli ndi ufulu wolandiridwa mwaulemu, wouzidwa za matenda anu m'njira yoti mumve, wosungiridwa chinsinsi, wovomera kapena kukana chithandizo mutafotokozeredwa bwino, ndiponso wodandaula. Chimatinso muli ndi udindo wonena zoona za matenda anu, wolemekeza ogwira ntchito ndi odwala anzanu, komanso wotsata malamulo a pachipatala. Ufulu ndi udindo zimayendera limodzi ngati ng'ombe ziwiri pangolo. Imodzi ikagona, ngolo siyenda.

3. Lamulo loyamba: manja oyera

Pa malamulo onse, lalikulu ndi lotsika mtengo ndi kusamba m'manja. Tamverani mbiri yake. Mu 1847, mumzinda wa Vienna ku Ulaya, dokotala wina wa ku Hungary dzina lake Ignaz Semmelweis anaona kuti amayi ambiri ankamwalira ndi kutentha thupi atangobereka. Atafufuza anapeza kuti madokotala ankachoka kopima mitembo n'kupita kukagwira amayi oyembekezera ndi manja omwewo. Iye analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. M'mwezi wa Abril chaka chimenecho amayi pafupifupi 18 pa 100 aliwonse ankamwalira. Patangopita miyezi iwiri, chiwerengerocho chinatsika kufika pa awiri. Panalibe mankhwala atsopano, panalibe makina. Anali manja oyera basi. Chomvetsa chisoni n'chakuti madokotala anzake ambiri sanamukhulupirire pa nthawiyo.

Lero wachipatala aliyense amaphunzitsidwa nthawi zisanu zimene ayenera kuyeretsa manja:

a) asanamugwire wodwala;
b) asanachite ntchito yofuna ukhondo waukulu, monga kubaya jakisoni, kuika soro kapena kutsuka bala;
c) atagwira magazi, mafinya, mkodzo, chimbudzi kapena masanzi;
d) atatha kumugwira wodwala;
e) atagwira bedi, nsalu kapena zinthu zina zozungulira wodwala.

Kusamba ndi madzi ndi sopo kumatenga masekondi 40 mpaka 60. Ngati manja alibe litsiro looneka, akhoza kupaka mankhwala a alikoholo kwa masekondi 20 mpaka 30. Tsono mukaona namwino akutikita manja ndi timadzi ta m'kabotolo, dziwani kuti akutsata lamulo.

Nanga magolovesi, amene ena timati maluva? Golovesi silowa m'malo mwa sopo. Golovesi imene yagwira bala la wodwala mmodzi ikagwiranso wina, imanyamula tizilombo chimodzimodzi ndi dzanja. Iyenera kuvulidwa ndi kutayidwa pakati pa wodwala ndi mnzake.

Mwina mukufunsa kuti, ine wa kumudzi ndingamuuze bwanji munthu wophunzira kuti asambe m'manja? Pali njira yaulemu. Mutha kunena kuti, "Pepani anamwino, mwanayu ndi wofooka kwambiri, ndikuthirireni madzi musambe kaye?" Namwino wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mawu otere.

Koma lamuloli ndi lathunso ife odwazika matenda ndi ozonda odwala. Timachoka pa njinga, tagwira ndalama, tapatsana moni ndi anthu khumi panjira, kenako n'kufikira kunyamula khanda lobadwa dzulo. Sambani kaye. Sambani musanamudyetse wodwala, mutachoka kuchimbudzi ndiponso mutasintha thewera. Musasambire m'beseni limodzi nonse, thiranani madzi. Tonse tikukumbukira kolera wa mu 2023 amene anavutitsa dziko lathu lino ndi Malawi yemwe. Kolera salemekeza malire, ndipo salemekezanso mpanda wa chipatala.

4. Lamulo lachiwiri: jakisoni mmodzi, munthu mmodzi

Singano ndi siringa zimagwira ntchito kamodzi kokha. Zikagwiritsidwanso ntchito pa munthu wina zingathe kumupatsa kachilombo ka HIV kapena matenda a chiwindi otchedwa hepatite B ndi hepatite C. Choncho onetsetsani izi:

Siringa itulutsidwe m'pepala lake lomata inu mukuona. Ngati pepala ndi long'ambika kale kapena lonyowa, pemphani ina.

Akatha kukubayani, singano iponyedwe nthawi yomweyo m'katoni yolimba yosungira zobaya, imene kawirikawiri imakhala yachikasu. Katoniyi siyenera kudzaza mpaka pakamwa. Ikangotsala pang'ono kudzaza amaitseka n'kukaitentha.

Kusintha singano yokha n'kusiya siringa yakale sikokwanira. Zonse ziwiri zikhale zatsopano.

Zida zachitsulo monga sizasi ndi zopanira zimatsukidwa kaye, kenako n'kuphikidwa m'chimphika chotsekeka cha nthunzi yotentha kwambiri. Chida chimene chagwira munthu wina sichiyenera kungopukutidwa ndi thonje n'kubwera kwa inu.

Dzenje lotayamo zinyalala za chipatala liyenera kukhala lotchingidwa. Makolo, letsani ana kutola masiringa ndi timabotolo kuti aziseweretsa. Mwana akalasidwa ndi singano yotoledwa, tsukani pabalapo ndi madzi ndi sopo, ndipo thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Alipo mankhwala oteteza ku HIV amene amathandiza akayambidwa msanga, pasanathe maola 72.

Chinanso, tisiye mtima woti jakisoni ndiye mankhwala enieni. Ambiri timabwerako tili okhumudwa tikapatsidwa mapiritsi okha. Matenda ambiri amachizika bwino ndi mankhwala akumwa. Jakisoni wosafunika ndi ngozi yongoiputa dala.

5. Lamulo lachitatu: munthu woyenera, mankhwala oyenera

Apa ndiloleni ndikusimbireni zimene zinandichitikira. Tsiku lina ndinaperekeza agogo anga aakazi kuchipatala china kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri timangoti tensão. Bicha inali yaitali, ndipo pazenera lolandirira mankhwala panali munthu mmodzi yekha. Ine ndinapita kaye kukamwa madzi pampopi. Pobwera ndinapeza agogo anyamula kale kathumba ka mapiritsi.

"Andiitana, ndalandira. Tiye tizipita, dzuwa lakwera," anatero agogo.

Titayenda pang'ono ndinati, "Agogo, tandipatsani ndione mmene alembera." Pakapepala panali dzina lofanana ndi lawo, koma zaka zinalembedwa za munthu wamng'ono kwambiri kwa iwo. Mapiritsinso sanali amene amamwa masiku onse.

"Iwe, usandichititse manyazi. Achipatala salakwa," anatero agogo.

Ndinawanyengerera mpaka tinabwerera. Pazenera paja ndinati, "Pepani bambo, tayang'aninso kapepalaka, ngati si ka agogo anga." Bambo aja atayang'ana anagwira pakamwa. Mankhwalawo anali a shuga, a mayi wina amene anali akadali pakhonde kudikira kuti amuitane. Agogo makutu awo samva bwino, ndiye atamva dzina la mfunda wawo anangonyamuka. Bambo aja anasintha mankhwalawo, natithokoza. Agogo akadamwa mapiritsi a shuga alibe matenda a shuga, akadatha kukomoka usiku, ife n'kumati ndi ukalamba kapena n'kuyamba kuloza anthu zala.

Kodi analakwa ndani? Wopereka mankhwala sanafunse kawiri. Agogo sanafunse n'komwe. Inenso ndinawasiya okha pa nthawi yofunika. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kwathu kuno mayina amafanana kwambiri. M'mudzi umodzi muli aNaphiri asanu ndi aBanda khumi. Enanso ali ndi dzina la kunyumba ndi dzina la pa chitupa. N'chifukwa chake lamulo limati wachipatala asadalire chinthu chimodzi chokha pomuzindikira wodwala. Afunse dzina lonse, afunsenso china monga zaka kapena tsiku lobadwa. Inu mukaitanidwa, tchulani nokha dzina lanu lonse ndi mudzi wanu musanalandire kanthu.

Musanachoke pazenera la mankhwala funsani mafunso asanu awa:

1. Mankhwalawa dzina lake n'chiyani, ndipo ndi a matenda anji?
2. Ndimwe angati, kangati pa tsiku?
3. Ndimwe kwa masiku angati?
4. Ndimwe nditadya kapena ndisanadye?
5. Ndikaona chizindikiro chanji ndibwerere msanga?

Ngati simumva Chipwitikizi, nenani. Pemphani kuti akufotokozereni m'chilankhulo chathu kapena aitane wina womasulira. Kugwedeza mutu pamene simunamve ndi kudzipweteka nokha.

Yang'ananinso tsiku lothera mphamvu. Pabokosi kapena pakapepala konyezimira pamalembedwa Val. kapena EXP, kenako mwezi ndi chaka. Ngati tsikulo ladutsa, bwezani.

Uzani achipatala ngati muli ndi pathupi, ngati mukuyamwitsa, ngati mukumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, ndiponso ngati mwamwa mankhwala azitsamba. Musabise. Ngati mankhwala ena anakutulutsanipo zidzolo, kutupa milomo kapena kusupuka khungu, nenani nthawi iliyonse, ngakhale sanakufunseni.

Mankhwala a ana amapimidwa molingana ndi kulemera kwa mwana. Choncho mwana ayenera kukwezedwa pasikelo. Pa malungo, lamulo ndi kuyeza magazi kaye ndi kachida kofulumira kaja, kenako mankhwala. Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amalizidwe onse ngakhale thupi litazizira tsiku loyamba.

6. Ife a m'malire tisamale ndi mayina awiri

Ambiri mwa ife timadwalira mbali zonse ziwiri. Lero tili ku chipatala cha kuno, sabata yamawa tadutsa pa Calómuè kupita ku Dedza, kapena pa Biriwiri kupita ku Ntcheu. Apa pali ngozi imene ambiri sitiidziwa. Mankhwala amodzi amatha kukhala ndi mayina awiri. Amene kuno timati Coartem, ku Malawi amati LA. Amene kuno timati paracetamol, uko ambiri amati Panado. Amene kuno alembedwa cotrimoxazol, uko amadziwika kuti Bactrim. Munthu akalandira kuno n'kukalandiranso uko, n'kumamwa zonse pamodzi poganiza kuti ndi zosiyana, ndiye kuti akumwa mlingo wowirikiza, ndipo angathe kudzipweteka.

Tsono kulikonse kumene mwapita, nyamulani mapepala anu onse: khadi la kuno, kabuku ka chipatala ka ku Malawi ngati muli nako, khadi la sikelo la mwana, ndi timapepala ta mankhwala amene mukumwa. Sungani zonse m'jumbo kuti zisanyowe. Musamuuze wachipatala kuti simunalandire chithandizo kwina pamene munalandira. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB, khalani ndi chipatala chimodzi chokutsatirani. Mukafuna kusamuka, pemphani kalata.

Kalata imeneyi ndi yofunikanso pamene akukutumizani ku chipatala chachikulu. Zipatala zathu zili m'masitepe: centro de saúde, kenako chipatala cha distrito kapena hospital rural monga cha ku Ulónguè, kenako Hospital Provincial ya ku Tete, ndipo pamwamba pake zipatala zazikulu monga Hospital Central ya ku Beira. Wotumizidwa ayenera kupatsidwa guia de transferência, yolembedwa zimene apeza ndi mankhwala amene amupatsa kale. Musanyamuke popanda pepala limeneli.

7. Ku maternidade

Pano pali miyoyo iwiri, choncho malamulo ake ndi okhwima. Mu 2009 Unduna wa Zaumoyo unayambitsa ndondomeko yotchedwa Iniciativa Maternidade Modelo, yolimbikitsa kuti mayi azibereka mwaulemu ndi motetezeka. Zina mwa zimene mayi ayenera kuyembekezera ndi izi:

Ayezedwe kuthamanga kwa magazi, ndipo mtima wa mwana uzimvetseredwa pafupipafupi pamene matenda ayamba. Mzamba amalemba zimenezi papepala lotsatira mmene kubereka kukuyendera, kuti aone msanga ngati mwana wakakamira.

Asanyozedwe, asamenyedwe, asasiyidwe yekha. Ndondomekoyi imalimbikitsa kuti mayi akhale ndi womuperekeza amene wamusankha.

Mwana akangobadwa, mayi abayidwe jakisoni wa oxitocina wothandiza kuti chiberekero chikhwinyate ndipo asataye magazi ambiri.

Mwana apukutidwe, aikidwe pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, ndipo ayamwe lisanathe ola loyamba.

Mchombo udulidwe ndi chida choyera. Kunyumba musapakepo phulusa, dothi, ndowe kapena mwaye, chifukwa zimenezi zimabweretsa kafumbata. Pakani mankhwala okhawo amene achipatala akupatsani.

Mayi ndi mwana akhale m'chipatala maola osachepera 24. Apongozi ndi azibambo, musakakamize mayi kutuluka msanga chifukwa cha kumunda. Ngozi ya kutaya magazi imakhala yaikulu tsiku loyamba.

Inu womudikirira, mukaona mayi akutaya magazi ambiri, akukomoka, akudandaula mutu waukulu kapena kusaona bwino, kapena mwana akukana bere ndi kupuma movutika, musadikire kuti namwino adutse. Pitani mukamuitane, ngakhale pakati pa usiku. Amayi a kutali, pitani msanga mukadikirire ku nyumba ya chidikiro, casa de espera, kumene iliko.

8. Opaleshoni, magazi ndi wodwala wogonekedwa

Mu 2008 OMS inatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zimene gulu la opaleshoni liyenera kufunsana mokweza. Amaima katatu: asanamugoneke tulo wodwala, asanacheke khungu, ndiponso asanamutulutse m'chipinda. Amatsimikiza dzina lake, mbali ya thupi yoyenera kuchitidwa, ndipo pomaliza amawerenga zida ndi tinsalu kuti pasatsale kanthu m'mimba. Mndandandawu unayesedwa m'zipatala zisanu ndi zitatu za m'mayiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo chili ku Ifakara m'dziko loyandikana nalo la Tanzania. Zotsatira zake zinatuluka mu 2009: imfa zinatsika kuchoka pa anthu 15 kufika pa 8 mwa anthu 1000 aliwonse. Tsono akakufunsani dzina lanu katatu, musanyansidwe kuti aiwala. Akukutetezani.

Musanasaine kapena kudinda chala papepala lovomera opaleshoni, akufotokozereni chimene akachite ndi chifukwa chake. Akati musadye kapena kumwa kanthu, mverani. Odwazika ena amamva chisoni n'kumupatsa wodwala phala mobisa. Munthu wogonekedwa tulo ali ndi chakudya m'mimba angathe kusanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo.

Magazi asanaikidwe mwa munthu amayezedwa HIV, hepatite B, hepatite C ndi chindoko, ndipo amaonedwa ngati akugwirizana ndi a wodwalayo. Wodwala akayamba kunjenjemera, kutentha thupi, kuyabwa kapena kubanika pamene akulandira magazi, itanani namwino nthawi yomweyo.

Pa soro, imene anzathu a ku Malawi amati diripi, musamatsegule kapena kutseka nokha kampopi kake. Pamene palowa singano pakatupa kapena kufiira, kapena botolo likatha, nenani. Wodwala amene sangathe kudzitembenuza yekha azitembenuzidwa pakapita maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda za pabedi. Wokalamba ndi wofooka asapite yekha kuchimbudzi usiku.

Dziwaninso kuti pa bicha si onse ayenera kudikira mofanana. Mwana amene akukomoka kapena kulephera kupuma, mayi woyembekezera amene akutaya magazi, ndi munthu wovulala kwambiri ayenera kuonedwa poyamba. Ngati ndi wanu, musakhale kumbuyo chifukwa cha ulemu. Ngati ndi wa mnzanu, mupatseni njira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

9. Za ndalama za kuseri

M'zipatala za boma katemera wa ana, sikelo ya amayi oyembekezera, kubereka, ma ARV ndi mankhwala a TB ndi zaulere. Pamene pali cholipira, chikhale chimene chinaikidwa ndi boma, ndipo chiperekedwe poyera pamalo olipirira, osati m'thumba la munthu kuseri kwa chitseko. Ndalama yoti akuoneni msanga kapena akusamaleni bwino ndi yoletsedwa. Pa Chipwitikizi amati cobrança ilícita. Nkhaniyi ikukhudza chitetezo chifukwa wosauka amene alibe choti apereke ndiye amasiyidwa mpaka matenda atakula. Ifenso tisayambitse. Tikazolowera kupereka kangachepe, timaphera ufulu mnansi wathu amene alibe.

10. Kumene mungakanene

Zinthu zikalakwika musangopita kunyumba n'kulumbira kuti simudzapondanso pachipatala. Tsatani njira izi:

Choyamba, lankhulani ndi wachipatala yemweyo mwaulemu. Zambiri zimathera pomwepo, monga zinathera za agogo anga.

Chachiwiri, ngati sizinatheke, pitani kwa mkulu wa chipatalacho. M'zipatala zazikulu muli ofesi yomvera madandaulo yotchedwa Gabinete do Utente. M'malo ambiri mulinso bokosi kapena buku la madandaulo.

Chachitatu, uzani a komiti yoyendetsa chipatala pamodzi ndi anthu a m'mudzi, Comité de Co-gestão. Mamembala ake ena ndi anthu a kwathu konkuno. Kodi mukuwadziwa a m'dera lanu? Ngati simukuwadziwa, funsani anyakwawa kapena APE wa m'mudzi mwanu.

Chachinayi, nkhani ikakula, ifike ku ofesi ya zaumoyo ya distrito, SDSMAS.

Podandaula tchulani tsiku, nthawi, chipinda ndi chimene chinachitika. Nenani zimene munaona nokha, osati za m'maluwa. Musatukwane kapena kuopseza munthu. Ndipo pamene mwathandizidwa bwino, nenaninso. Alipo anamwino amene amachezera usiku wonse ali okha, nthawi zina ndi tochi ya foni m'kamwa, kuti mayi abereke bwino. Amenewa mawu oti zikomo amawalimbitsa mtima.

Kumbukiraninso kuti zina sizili m'manja mwa namwino. Ngati pachipatala palibe madzi, iye asamba bwanji m'manja? Apa mpamene mudzi umalowererapo: kukonza mjigo, kumanga mpanda wa dzenje la zinyalala, kusesa, kusamala zimbudzi, ndi kukumbutsa akuluakulu a distrito zimene zikusowa. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana m'magulu omvera wailesi

1. Tchulani nthawi zisanu zimene wachipatala ayenera kuyeretsa manja. Nanga ife odwazika matenda tiyenera kusamba liti?
2. Kodi pachipatala chanu pali madzi ndi sopo pamalo oonekera? Ngati palibe, mudzi ungachitepo chiyani mwezi uno?
3. N'chifukwa chiyani ambiri timaopa kufunsa achipatala? Yeserani awiriawiri, wina akhale namwino, wina wodwala wofunsa mafunso asanu aja.
4. Ndi mankhwala ati amene ali ndi mayina osiyana kuno ndi ku Malawi?
5. Ndani m'mudzi mwanu amene amaperekeza okalamba ndi osamva bwino kuchipatala?

Mawu otsiriza

Okondedwa omvera, sungani kapepala kano pamodzi ndi makhadi anu a chipatala. Tsiku lopita kuchipatala, kawerengeninso. Musamusiye wokalamba kapena mwana yekha pazenera la mankhwala monga ndinachitira ine. Tchulani dzina lanu lonse, onani siringa ikutsegulidwa, funsani za mankhwala, ndipo nyamulani mapepala anu mbali zonse ziwiri za malire. Mayankho a mafunso a pamwambawa ndi mafunso anu ena, lembani n'kupatsa mtsogoleri wa gulu lanu kuti atibweretsere ku wailesi, tidzawawerenge pa pologalamu ya zaumoyo. Musalembe dzina la munthu amene mukumudandaula. Zimenezo zipite ku komiti.